Tiwalembere chiyani abwana athu pa Tsiku la Anakubala?

Chikondi_Limbe:
Ndithandizeni, anzanga. Ndimagwira ntchito ya maakaunti pa kampani ina ku Limbe. Abwana athu ndi mayi wachikulire, wofatsa, amene anatiphunzitsa ntchito ambirife. Pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala, ndipo tasonkha ndalama zogulira chitenje ndi kadi. Mawu a pakadipo andipatsa ine kuti ndilembe. Vuto ndi lakuti mayiwa alibe mwana, ndipo tonse timadziwa kuti nkhaniyi imawapweteka. Chaka chatha amayi ena onse muofesi analandira mphatso, iwo anangokhala chete pa desiki yawo. Sindikufuna zibwerezedwe, komanso ndikuopa kuwagunda pachilonda. Ndilembe bwanji?

NaPhiri_Zomba:
Mwaganiza bwino kwambiri. Kwathu kuno mayi si wobereka yekha. Azakhali ndi amayi aang'ono amalera ana a abale awo, ndipo akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Lembani kuti, "Mayi, mwatilera pantchito pano ngati ana anu. Tikukufunirani tsiku labwino."

Mlembi_Wakale:
Pepani NaPhiri, apo ndikusiyana nanu pang'ono. Ndakhala sekilitale zaka zambiri ku Lilongwe, ndipo mawu akuti "ngati ana anu" ndi omwe angawalize. Munthu akawawerenga amamva kuti ofesi yonse inakhala pansi n'kukambirana za kusabereka kwake. Musatchule ana n'komwe. Athokozeni pa zimene anachitadi, zimene aliyense angaloze. Mwachitsanzo: "Mayi, tikuthokoza chifukwa cha kuleza mtima kwanu potiphunzitsa ntchito. Tikukufunirani mpumulo wabwino ndi moyo wathanzi." Basi, mizere iwiri yakwana. Onse asayine, kuyambira wachiwiri wawo mpaka mesenjala ndi alonda.

Kaperekedwe nakonso n'kofunika. Pa 15 ndi holide, maofesi amakhala otseka, choncho perekani tsiku lomaliza la ntchito holideyo isanafike. Musaitane ofesi yonse n'kuyamba kuimba. Alowe anthu awiri okha, mmodzi akhale mayi wamkulu msinkhu, apereke ndi manja awiri, atuluke. Ndipo chitenje chawo chifanane ndi cha amayi enawo, chisakhale chodula kuposa, apo ayi chioneka ngati chipepeso.

Yusufu_Mangochi:
Ndiwonjezere za pa WhatsApp. Achinyamata ambiri amatumizira abwana zithunzi za maluwa ndi timitima pakati pa usiku. Zimenezo musachite, makamaka ngati ndinu mwamuna. Uthenga upite masana, pa gulu la ofesi, ndipo muziti "inu", osadula mawu. Ine abwana anga ndi Mkhristu, koma pa Eid amangondilembera kuti, "Bambo, chikondwerero chabwino kwa inu ndi apabanja onse." Ndimamva kuti andilemekeza.

Chikondi_Limbe:
Zikomo nonse. Nditenga mawu a a Mlembi_Wakale. Zitenje tigula za mtundu umodzi mumsika wa Limbe Loweruka lino, ndipo ndapempha mayi amene amaona za malipiro kuti akapereke ndi iwo.