PhD ya za chikhalidwe cha anthu ndili ku Chipata: ndalama zake zimachokera kuti?

WakuKapata:
Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi Masters ya sociology ndipo ndimagwira ntchito kuno ku Chipata. Ndikufuna kuchita PhD yofufuza mmene minda ikusinthira manja pakati pa mbumba m'midzi ya Achewa ku Katete ndi ku Chadiza. Ndalama zolipirira ndekha zonse ndilibe. Kodi thandizo limapezeka kuti? Ndilembetse ku UNZA (University of Zambia) ndikugwirabe ntchito, kapena ndiyesere kunja? Nanga chimayamba ndi chiyani, kupeza malo kapena kupeza ndalama?

Mkulu_waLaibulale:
Achimwene, zonse ziwirizo zimabwera pambuyo. Choyamba ndi pulopozo yaifupi, masamba atatu kapena asanu, yokhala ndi funso limodzi lomveka, zimene ena analemba kale pa nkhaniyo, njira yomwe mudzafufuzire, ndi nthawi yake. Pulopozoyo ndiyo imakupezerani supavaiza, ndipo opereka ndalama ambiri salabadira fomu yopanda dzina la supavaiza. Anthu amagwa pomwepa: amatumiza kalata imodzimodzi kwa mapulofesa 30, ndipo palibe amawayankha. Sankhani anayi kapena asanu amene analemba za malo ndi ufumu kuno kumwera kwa Africa, werengani ntchito yawo, ndipo m'kalatamo munene chomwe kafukufuku wanu akuwonjezera pa zawozo.

Za ndalama tsopano. Ngongole za HELSB, bungwe la boma lopereka ngongole za maphunziro, cholinga chake chachikulu ndi ana a digiri yoyamba, choncho musadalire kumeneko. Komabe tsamba lawo muzilitsegula kawirikawiri, chifukwa ndi komwe amalengeza masikolashipu operekedwa ndi maboma akunja.

Commonwealth Scholarship ya ku UK ili ndi njira ziwiri zokukhudzani. Ina ndi PhD yonse ya zaka zitatu kumeneko. Imafuna kuti mulembe pa intaneti komanso mudzere ku bungwe losankha la m'dziko lanu, ndipo kalata ya supavaiza wa ku UK iyenera kukhalapo. Nthawi zambiri imatseka cha mu Okutobala. Inayo ndi split-site: mumalembetsa PhD kwanu, iwo n'kukulipirirani miyezi 12 pa yunivesite ya ku UK. Kwa munthu amene kafukufuku wake ali ku Katete, iyi ndi imene ine ndingaiike patsogolo, chifukwa simuchoka kutali ndi anthu anu kwa zaka zambiri, koma mumapeza laibulale yaikulu ndi supavaiza wachiwiri pa nthawi yolemba.

Bungwe la masikolashipu la DAAD la ku Germany lili ndi thandizo lophunzirira ku Germany komweko, ndi lina lophunzirira m'mayunivesite osankhidwa a muno mu Africa. Canon Collins Trust imathandiza anthu a kumwera kwa Africa, Zambia ili momwemo, kukaphunzira ku South Africa. Mutu wanu ukapendekera ku anthropology, Wenner-Gren Foundation imapereka ndalama za kafukufuku wa m'midzi kwa wophunzira PhD wa dziko lililonse, ndipo imatseka pa 1 Meyi ndi pa 1 Novembala. Koma dziwani kuti imeneyi silipira fizi, ndi ya ntchito ya kumudzi yokha. Ophunzira zachuma ali ndi bungwe la AERC ku Nairobi. Mabungwe a kafukufuku a CODESRIA ku Dakar ndi PASGR ku Nairobi amachititsa maphunziro a njira zofufuzira, ndipo kumeneko ndi komwe mumakumana ndi anthu odzakuwerengerani machaputala mtsogolo.

Zinthu ziwiri zimene zimawonongetsa chaka: mayeso a Chingerezi a IELTS, omwe zotsatira zake zimagwira zaka ziwiri zokha, ndi makalata a umboni. Okulemberani umboni auzeni kudakali milungu isanu ndi umodzi, muwatumizire pulopozo ndi CV, apo ayi adzalemba mizere itatu yopanda mchere usiku wotsekera.

Nankungwi_waKafukufuku:
Zomwe anena akuluwa n'zoona, koma ine nditsindike pa gawo lomwe limamiza anthu ambiri a PhD ya mtundu uwu. Fizi amaipeza, koma ndalama ya kumudzi saiwerengera, ndiye chaka chachiwiri chimathera pakhomo.

Lembani bajeti ya kumudzi padera, mzere ndi mzere. Muikemo maulendo a ku Lusaka, omwe kuchokera ku Chipata ndi makilomita oposa 550 ndipo mudzapita kangapo: kokaonana ndi supavaiza, koteteza pulopozo, ndi ku National Archives komwe kuli zolembedwa zakale za boma la Fort Jameson (dzina lakale la Chipata). Muikemo njinga yamoto kapena mafuta, malipiro a wothandizira mmodzi kapena awiri, chojambulira mawu ndi pawabanki, kusindikiza mafomu a chilolezo m'Chinyanja, zakumwa za anthu obwera ku zokambirana za pagulu, ndi kachinthu kopita nako kwa mfumu, pakuti kwa mfumu sitipita chimanjamanja. Pamwamba pake onjezani 10 kapena 15 peresenti, chifukwa kwacha imasintha mphamvu pakati pa tsiku lopempha ndi tsiku lolandira.

Chomwe chimadya nthawi kwambiri ndi kulemba zojambulidwa. Ola limodzi la kucheza limatenga maola anayi mpaka asanu ndi limodzi kulilemba, ndipo kulimasulira m'Chingerezi ndi ntchito ina pamwamba. Mukacheza ndi anthu 40 kwa ola limodzi aliyense, ndiye maola 160 mpaka 240 musanayambe n'komwe kusanthula. Lembani kaye m'Chinyanja momwe ananenera, kumasulira kubwere pambuyo. Mawu ngati mbumba, nkhoswe, chikamwini ndi chitengwa musawamasulire, muwasiye momwemo n'kuwafotokoza. Wothandizira akangolemba kuti "family" pomwe gogo anati mbumba, mutu wanu wonse wathera pomwepo.

Chilolezo chili ndi ndondomeko yake. Dipatimenti ivomereze pulopozo kaye. Kenako komiti yoona za ufulu wa ofufuzidwa, ku UNZA ndi HSSREC, ndipo ngati nkhaniyo ikukhudza zaumoyo mufunikanso chilolezo cha National Health Research Authority. Musajambule munthu ngakhale mmodzi kalata isanatuluke, chifukwa zomwe mwatola chilolezo chisanabwere zikhoza kukanidwa. Kalata ili m'manja, pitani kwa DC, kenako kwa mfumu ya dera, n'kutsikira kwa anyakwawa. Nkhani ya malo ndi yotentha. Mukalumpha mfumu, anthu adzaganiza kuti mwabwera kudzayeza minda yoti igulitsidwe, ndipo adzakuyankhani mwaulemu koma osakuuzani kanthu. Akazi muzicheza nawo paokha, malume kapena mwamuna palibe, ndipo ndi bwino wothandizira wanu mmodzi akhale wamkazi.

Yang'ananinso kalendala. Kuyambira Disembala mpaka Malichi anthu ali kumunda ndipo misewu ina ya ku Chadiza imavuta. Nthawi yabwino ndi pambuyo pokolola, Juni mpaka Okutobala. Kumapeto kwa Ogasiti mafumu ndi nduna zawo amakhala otanganidwa ndi Kulamba ku Mkaika, choncho milungu imeneyo musaikemo zokumana nawo.

WakuKapata:
Zikomo kwambiri amayi, za kalendala ndi kulemba zojambulidwa sindinaziganizire. Nanga kuchita pang'onopang'ono ndikugwira ntchito n'kotheka ndithu?

Mphunzitsi_Msekera:
N'kotheka, koma pano ndisiyana pang'ono ndi a Mkulu_waLaibulale. Split-site ndi yabwino pokhapokha supavaiza wa kunyumba ali ndi nthawi. Musanalembetse kulikonse, funsani zinthu zitatu: ali ndi ophunzira angati pakali pano, ndi angati amene anamaliza m'manja mwake, ndipo chaputala amabweza pakapita nthawi yaitali bwanji. Mafunsowa mufunse ophunzira ake, osati iye mwini. Mukagwirizana, mulembe pansi kuti muzikumana kamodzi pamwezi, ngakhale pa lamya kapena pa Zoom, ndipo pambuyo pa kukumana kulikonse mutumize imelo yaifupi ya zomwe mwagwirizana. Supavaiza akasamuka kapena akapuma pantchito, maimelo amenewo ndi omwe amaonetsa wolowa m'malo pamene munafika.

Ngati muli m'boma, tchuthi cha maphunziro muchipemphe msanga kudzera kwa akuluakulu anu, ndipo muwerenge bwino pangano lakuti mudzagwira zaka zingati mukabwerako. Amene sangapeze tchuthi chonse asunge masiku ake a tchuthi kuti awatenge pamodzi nthawi ya kumudzi, ndiponso miyezi yomaliza yolemba. Kuwerenga kumatheka madzulo, koma kucheza ndi anthu a m'mudzi sikutheka Loweruka lokha.

Yunivesite iliyonse ya kuno muone ngati ili m'kaundula wa Higher Education Authority, ndipo ngati Masters yanu ndi yakunja, ipititseni ku ZAQA, bungwe lotsimikizira masatifiketi a maphunziro, kuti aitsimikize.

Mkulu_waLaibulale:
Pa supavaiza mwanena zoona a Mphunzitsi, ndavomera. Ndiwonjezere chochepetsa mtengo. Si zonse zomwe muyenera kutola nokha. Bungwe la boma la ziwerengero, ZamStats, lili ndi zotsatira za kalembera wa 2022, ndipo bungwe lofufuza za ulimi la IAPRI linachita kafukufuku wa mabanja a alimi wotchedwa RALS mu 2012, 2015 ndi 2019, momwe muli mafunso a minda. Manambala mutenge kumeneko, ndalama yanu ipite pa kucheza mozama komwe manambala sangafike. Zotero ndi yaulere yosungira mabuku omwe mwawerenga, ndipo KoboToolbox, pulogalamu yotolera mayankho a mafunso, imagwira pa foni popanda netiweki. Zojambula muzisunge malo awiri tsiku lomwelo, mayina enieni a anthu akhale mu fayilo ina yokhoma.

Achimwene, lembani masamba atatu aja mwezi uno muwaike pano, mutachotsa mayina a midzi. Tikuwerengerani musanawatumize kwa pulofesa aliyense.