Mitsempha yotupa m'mwendo wa amayi: tipite kuti?

Abale anga, ndigawireniko nzeru. Amayi anga, a zaka 58, amagulitsa tomato pamsika wa Kapata ku Chipata, tsiku lonse ali chiimire. Mitsempha ya kuseri kwa bondo lamanzere yatupa n'kupindikapindika ngati nyongolotsi, ndipo pamwamba pa kakolo pali chilonda cha miyezi 4 chosapola. Kukiliniki anati timavalavu ta m'mitsemphamo tafooka, magazi akubwerera pansi. Anawauza kuvala masokosi othina ndi kusanjika miyendo papilo pogona, koma ndi kutentha kwa Okutobala kuno, masokosiwo amangovula.

Ndamva za jakisoni wotseka mtsemphawo, komanso opaleshoni youchotsa. Kodi amapanga ku chipatala cha Chipata Central kapena ku St Francis ku Katete, kapena mpaka UTH, chipatala chachikulu cha ku Lusaka? Nanga inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA imalipirako? Azakhali akuti tikawatemere mphini, ine ndakana.