Mainasi ya kutsogolo kwa bulaketi ikundigwetsera ana

Mphunzitsi watsopano: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndangomaliza kuchonga makope, mutu ukuwawa. Samu inali yochotsera ma polynomial: (5x² + 3x − 2) − (2x² − 4x + 7). Yankho ndi 3x² + 7x − 9, koma ambiri alemba 3x² − x + 5. Akungosintha chizindikiro cha 2x² basi, zotsalazo akukopera momwe zilili. Lamulo loti mainasi imasintha zizindikiro zonse za m'bulaketi ndalibwereza mpaka mawu kusasa.

Madamu: Vuto ndi lamulo lolowezalo, aphunzitsi. Siyani kaye ma x. Lembani pa bolodi 10 − (3 − 2), onse akuuzani kuti 9. Kenako auzeni achotse mabulaketi. Wolemba 10 − 3 − 2 apeza 5, ayamba kudzikanda m'mutu yekha. Mukatero, atulukira okha kuti zoona ndi 10 − 3 + 2.

Aphunzitsi akale: Ine ndimawalembetsa −1 kutsogolo kwa bulaketi yachiwiri, achulukitse chilichonse cha mkati, chimodzichimodzi, ndi timivi ta pensulo. −1 kuchulukitsa ndi −4x ndi +4x. Mzere umenewo osaudumpha, ngakhale mwana wanzeru. Anzeruwo ndi amene amagwa kwambiri chifukwa cha phuma.

Mphunzitsi watsopano: Nanga njira yondandalika m'munsi ija, ngati kuchotsera manambala wamba?

Aphunzitsi akale: Ndi yabwino, bola pomwe palibe kanthu aziikapo 0. Pa x³ + 4 alembe x³ + 0x² + 0x + 4. Kupanda kutero mupeza 4 wakhala pamwamba pa x², n'kuchotserana zinthu zosafanana.

Madamu: Aphunzitseninso kudzichonga okha. Aike x = 2 m'samu yanuyo. Bulaketi yoyamba ipereka 24, yachiwiri 7, kusiyana kwake 17. Yankho lolondola: 12 + 14 − 9, ndi 17 yemweyo. Lawo lija lipereka 15.

Mphunzitsi watsopano: Bwanji osangoika x = 1? Ndi yophweka.

Madamu: Kuphweka kwakeko ndiye msampha. Ndinapusa nayo chaka chathunthu. Pa 1, x ndi x² n'chimodzimodzi, ndiye mwana amene waphatikiza 3x² ndi 7x n'kulemba 10x² − 9 apezabe 1, aziti wakhoza. Pa 2 apeza 31, agwidwa.

Mphunzitsi watsopano: Eetu, alipo atatu alembadi 10x² m'makope omwewa. Mawa ndiyamba ndi 10 − (3 − 2) uja, ma x abwera pambuyo.