Kodi galimoto ya zitseko zitatu ingatheke kwa banja la ana awiri?

Abale ndithandizeni maganizo. Ndapeza kagalimoto kakang'ono, injini ili bwinobwino ndipo mafuta sikamwa kwambiri, koma kali ndi zitseko ziwiri basi kuphatikizapo cha kubuti. Tili ndi ana awiri, wina wakhanda wina woyenda kale.

Chikundivuta kwambiri ndi mpando wa mwana uja womangirira kumbuyo, ndiye kuti ulendo uliwonse ndiziyamba ndapinda mpando wakutsogolo kenako kuwerama mwana ali m'manja kuti ndimumange malamba, msana ungapirire zimenezi tsiku ndi tsiku? Zitseko zake nzazitali, pamalo oimika opanikizika sizitseguka mokwanira. Komanso pakachitika ngozi, Mulungu asalole, kuwatulutsa msanga kumbuyoko kumatheka? Mawindo akumbuyo satsikanso, ndikuopa kutentha.

Chondikopa nchakuti wamkuluyu sangatsegule chitseko tili paulendo poti kumbuyoko kulibe chitseko, ndipo ndi wokonda kugwiragwira zinthu. Mayi akunyumba akuti tidikire ya zitseko zisanu.

Inu amene munalerapo ana ndi galimoto yotere, munkapanga bwanji? Nanga buti yake imakwana zikwama ndi kangolo ka mwana?