Kampani ya betting ili ndi mlandu munthu akamwerekera ndi juga, kapena ndi zake zomwezo?

Nangozo

Abale ndifunseko, makamaka inu amene mumatsata za malamulo. Mchimwene wanga wamwerekera ndi zobetcha mpirazi pa foni, salale ikangolowa siyigona, pano wafika pomakongola ndalama kuti akabweze zomwe analuza. Chikundiwawa kwambiri ndi ichi, iye mwini anawalembera a kampaniyo kuti nditsekereni akaunti ndili ndi vuto, uthengawo ndinauwerenga ndekha. Anatseka inde, koma sipanapite nthawi anayamba kumutumizira ma meseji oti takusowani, nayi bonasi, free bet yanu ikukudikirani, mpaka munthu anatsegulanso. Kunyumba tagawanika, bambo akuti mwanayu ndi wamkulu palibe anamugwira dzanja, ine ndikuti kampani inauzidwa kuti munthuyu akudwala nde imamunyengereranso bwanji. Kodi mwalamulo makampani amenewa ali ndi udindo uliwonse pa munthu woti zaonekeratu kuti sangathe kudziletsa? Kapena ukangodina kuti ndavomereza ma terms basi zonse zili pamutu pako?

Kambewa77

Pepani achemwali, izi zimawawa. Koma ine ndili mbali ya bambo anu. Munthu wamkulu ndalama zake, foni yake, chala chake. Tikayamba kunena kuti aliyense woluza akasumire kampani ndiye kuti ukawina ndi zako, ukaluza akubwezere, imeneyo si juganso ayi, ndipo anthu ambiri azingonamizira matenda akaona kuti zawavuta. Komanso ineyo sindingafune kampani izindifunsa kuti mumalandira zingati, tumizani statement ya ku banki, chifukwa choti wina kwinakwake walephera kudzigwira. Ambiri timabetcha pang'ono weekend, tikaluza timaiwala. Mchimwene wanuyo akufunika thandizo, koma loyamba ndi loti avomere kuti wopanga zimenezi ndi iyeyo.

Dalitso K.

Achemwali funso lanu lili pawiri, ndipo anthu ambiri amasokoneza. Pali udindo umene kampani ili nawo kwa boma lomwe linaipatsa laisensi, ndiye pali funso loti kodi woluzayo payekha angaisumire n'kubwezeredwa ndalama zake. Koyambako malamulo m'mayiko ambiri akhwima ndithu, kwachiwiriko ndi kumene anthu amagwa.

Mlandu womwe umatchulidwa kwambiri ndi wa ku England, wa Graham Calvert ndi kampani ya betting ya William Hill mu 2008. Bamboyu amaphunzitsa agalu ampikisano, mu 2006 anapempha kuti amutsekere akaunti kwa miyezi isanu ndi umodzi, koma pempholo silinatsatidwe bwino moti anapitiliza kubetcha ndi kampani yomweyo n'kuluza pafupifupi mapaundi 2 miliyoni, mpaka anaika mapaundi 347,000 pa bet imodzi yokha yoti America iwina mpikisano wa gofu wa Ryder Cup, siinawine. Khoti linati bookmaker, kutanthauza kampani ya betting, alibe udindo woteteza kasitomala aliyense ku juga yake. Linavomera kuti pamene kampani inalonjeza kumutsekera inayenera kuchitadi zimenezo ndipo inalephera, koma ndalama sanapatsidwe olo, chifukwa woweruza anati munthu ameneyu akanatsekeredwa apa akanakaluzabe kwa ma bookmaker ena. Anapanga apilo, inakanidwanso. Ku Australia nako mu 2013 Harry Kakavas analuza mlandu wake ndi casino ya Crown Melbourne ku High Court, atataya ndalama zoposa madola 20 miliyoni a kumeneko, khoti linati anali munthu wotha kudzisankhira yekha. Nde a Kambewa, makhoti ambiri afika pomwe mwaimapo.

Koma nkhani siithera pamenepo. Ku Britain komweko bungwe la Gambling Commission limalamula kuti kampani iziona zizindikiro zoti kasitomala zikumuvuta n'kuchitapo kanthu, ndipo munthu akadzitsekera asamatumizidwenso zotsatsa malonda. Mu 2017 kampani ya 888 inalipitsidwa mapaundi 7.8 miliyoni zitapezeka kuti anthu oposa 7,000 omwe anadzitsekera amathabe kulowa n'kumabetcha. Entain, eni ake a Ladbrokes ndi Coral, analipira 17 miliyoni mu 2022, ndipo William Hill yomweyo 19.2 miliyoni mu 2023. Kuyambira 2020 kampani iliyonse ya pa intaneti yokhala ndi laisensi kumeneko imayenera kukhala pa GAMSTOP, ndondomeko yodzitsekera ku juga ya pa intaneti, ukalembetsa kamodzi watsekeredwa konse, ndipo chaka chomwecho analetsa kubetcha ndi credit card. Taonani kuti GAMSTOP ikuyankha mfundo yeniyeni ija inagwetsa Calvert, yoti akanangopita kwina.

Vuto ndi loti nthawi zambiri chindapusa si ndalama yobwerera kwa banja lomwe lasauka. Nde kwa inu ndinganene kuti musayambire kukhoti, yambani ndi kudandaula ku kampaniyo polemba, ikakana pitani ku bungwe lomwe linaipatsa laisensi. Sungani uthenga uja anapempha kutsekeredwa, tsiku lake lizioneka, ndi ma meseji onse a bonasi omwe anabwera pambuyo pake, musafufute ngakhale umodzi. Mphamvu ya nkhani yanu ili pamenepo, osati poti analuza, koma poti anawauza iwo n'kumuitanabe.

Mai a Tadala

Ine mawu oti "palibe anamugwira dzanja" amandipweteka. Bungwe la zaumoyo la WHO limawerengera kumwerekera ndi juga ngati matenda, ndipo chizindikiro chake chachikulu ndi chimenecho choti munthu walephera kudziletsa olo akuona kuti zinthu zikuwonongeka. Nde tikamati adziletse yekha tikumuuza kuti agwiritse ntchito chinthu chomwe chafa kale mwa iyeyo. Mwini bala akaona munthu waledzera mpaka akulephera kuima n'kumamuthirirabe, tonse timadziwa kuti walakwa olo womwayo ali wamkulu. Komanso amene amalipira si wobetcha yekha, ndi mkazi wake, ana omwe fizi yawo yapita, makolo omwe akubweza ngongole, anthu oti sanadinepo kuti ndavomereza ma terms.

Wa_ku_call_centre

Ndinagwirako ntchito ku kampani ina ya betting mbali yoyankha makasitomala, dzina sinditchula. Anthu amaganiza kuti kampani siyidziwa yemwe ali pamavuto, abale imadziwa kuposa mkazi wake. Pa kompyuta timaona chilichonse. Munthu amene ankaika ka ndalama kochepa Loweruka lokha, pano akudipozita kasanu usiku umodzi, 2 koloko m'bandakucha ali maso akubetcha ma ligi oti sakudziwa ndi dzina la osewera m'modzi yemwe, ukatha mpira weniweni wapita ku ma virtual, mpira wopangidwa ndi kompyuta uja, omwe amatha mphindi zochepa. Khadi yakanidwa, wayesa ina, yakanidwanso, wayesa yachitatu. Wawina, wapempha kutapa ndalama, isanatuluke n'komwe wakansela n'kuibwezanso m'masewera. Zoti munthu azitha kukansela withdrawal chonchi ku Britain anaziletsa mu 2021, ndipo sanaletse mwangozi, amadziwa kuti wochita zimenezi kawirikawiri ndi uja wagwidwa kale.

Chomwe chinandichotsa mtima ndi ichi. Munthu akayamba kuwina pafupipafupi, system imamuona msangamsanga, mawa lake stake yake yachepetsedwa kapena akufunsidwa ma ID ndi mapepala ambirimbiri asanalipidwe. Woluza kwambiri uja system yomweyo imamuonanso, koma iyeyo amaikidwa pa mndandanda wa makasitomala ofunika, amapatsidwa munthu womuimbira foni, bonasi pa birthday, akangokhala chete masiku angapo meseji yapita. Nde wina akandiuza kuti kampani siyingathe kulondola aliyense ndimakana, imatha bwinobwino ikakhala kuti yoluza ndi iyo. Timawu tija ta "betchani mosamala" timalembedwa ting'onoting'ono pansi, batani lodzitsekera ulifufuze mkatikati mwa ma settings, pamene lodipozita lili pamwamba lowala. Ndinalandirapo foni ya bambo akulira kuti ndalama ya lendi yapita, malangizo omwe ndinali nawo anali oti ndimuwerengere nambala ya uphungu basi, akaunti yake inali yotsegulabe pamene ndimaweruka.

A Kambewa mukuti ambiri mumabetcha pang'ono, zoona, koma phindu lalikulu silichokera kwa inu. Limachokera kwa kagulu kochepa ka anthu oluza kwambiri, n'chifukwa chake kampani payokha singawathamangitse pokhapokha lamulo liikakamize.

Kambewa77

Apo poti munthu walemba yekha kuti nditsekereni iwo n'kumutumizira bonasi, ndavomera, ndi kulakwa ndipo laisensi izilandidwa kumene. Koma ndikuimabe poti ndalama zonse asamabwezeredwe. Woluza akadziwa kuti pali mwayi wobwezeredwa sasiya, mwamupatsanso chiyembekezo china chomwe chingamusunge m'masewera momwemo. Komanso mukakhwimitsa kwambiri anthu amathawira ku ma site opanda laisensi, kumene kulibe ndi kokadandaula komwe.

Dalitso K.

Za ma site opanda laisensi ndi zoona zimachitika, koma mfundo imeneyi makampani amaitulutsa nthawi iliyonse lamulo likafuna kusintha. Ku Britain stake ya pa makina aja a m'mashopu a betting inatsitsidwa kuchoka pa mapaundi 100 kufika pa 2 mu 2019, makampani analimbana nazo kwambiri koma zinatheka. Pa zobwezazo, palibe akunena kuti bet iliyonse yoluza ibwezedwe. Malire ake ndi osavuta, zomwe analuza asanapemphe kutsekeredwa ndi zake, zomwe kampani inalandira itauzidwa kale siyikuyenera kuzisunga.

Achemwali, pamene mukulemba dandaulo musadikire yankho lawo kuti muyambe kumuteteza. Adzitsekere ku makampani onse omwe ali ndi akaunti osati imodzi yokha, afunse ku banki ngati angatseke malipiro opita ku juga pa khadi yake, ndipo akalola, salale izifikira kwa munthu wina amene amamukhulupilira kwa kanthawi. Ngongole zake musamubwezere ndi cash m'manja, lipirani kwa mwini ngongoleyo mwachindunji. Ndipo mukaona akuyankhula zotaya mtima kapena zofuna kudzipweteka musazitenge ngati zoopseza chabe, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.