Kuloweza mawu a Chingerezi potengera kutalika kwake: ndimusiye mwanayu kapena ndimuletse?

Mphunzitsi_Mpondasi

Moni nonse. Ndimaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Mangochi, ndipo Lachitatu masana timakhala ndi kalabu ya Scrabble, masewera opanga mawu a Chingerezi poyala tizilembo pa bolodi n'kumadya mapointi. Bolodi ndi limodzi lokha, lotisiyira mlendo wina, ndipo tizilembo tina tidasowa, moti Q wathu ndi wodula pa katoni ya sopo. Timasewerera pansi pa mtengo wa mango, poti m'kalasi mwa malata simukhalika dzuwa likafika pamutu.

Nkhani yanga ndi ya mnyamata wina wa Fomu 2. Adabwereka foni ya achimwene ake n'kukopera mindandanda ya mawu m'kope: tsamba la mawu a zilembo 2, la zilembo 3, la mawu okhala ndi Q koma opanda U, la mawu okhala ndi Z kapena X. Pano palibe womugonjetsa, ngakhale a Fomu 4. Koma nditamufunsa tanthauzo la QAT, adangoti, "Ndi mapointi 12, sala." Chimangirizo chake chili pomwepo, akulembabe pray pofuna kunena play. Anzake nawo ayamba kukopera kope lake.

Zikundidetsa nkhawa chifukwa makolo adalola ana kuchedwa kusukulu pomva kuti kalabuyi ndi yothandiza Chingerezi, ndipo tonse tikudziwa kuti ukalephera Chingerezi, satifiketi ya MSCE palibe. Odziwa zinthu, ndithandizeni. Mindandanda yotereyi ili ndi phindu kwa mwana wasukulu?

Che_Mdala_MonkeyBay

Aphunzitsi, musamuletse. Zomwe akuchita mnyamatayo ndi zomwe amachita aliyense wosewera Scrabble mozama. Masewerawa maziko ake ndi masamu. Alfred Butts, yemwe adawayambitsa ku America m'ma 1930, adachita kuwerenga kuti chilembo chilichonse chimapezeka kangati m'zolembedwa za Chingerezi. N'chifukwa chake m'kathumba ka tizilembo 100 muli ma E 12, ma A 9 ndi ma I 9, pomwe Q, Z, J, X ndi K ndi mmodzimmodzi. Q ndi Z amalipira 10, J ndi X amalipira 8.

Ndiye wayamba bwino poyambira pa mawu a zilembo 2. Mu Collins Scrabble Words, buku lomwe amaweruzira mipikisano yambiri kunja kwa North America, alimo opitirira pang'ono 120, mwana akhoza kuwamaliza asanatsekere teremu. Timawu timeneti ndi tomwe timakulola kugoneka liwu lako motsamira pa liwu la mnzako, n'kudya mapointi mbali ziwiri. Taonani: Q agwere pa bokosi lochulukitsa chilembo katatu, ndipo apange QI chopingasa komanso QI chotsika. Ndi 31 kuphatikiza 31, mapointi 62 ndi tizilembo tiwiri tokha. Adziwenso kuti palibe liwu la zilembo 2 lokhala ndi V, ndiye ukafuna kumutsekera mnzako njira, V ndiye chitseko.

Akatha pamenepo alumphire ku mawu a zilembo 7, chifukwa ukatsitsa tizilembo tonse 7 kamodzi amakuwonjezera 50. Apa ndi pomwe kusanja mawu potengera zilembo zake kumagwira ntchito. A, E, I, N, R, S, T zimapanga RETAINS, komanso NASTIER, RETINAS ndi STAINER. Wosewera wochenjera amasunga zilembo zimenezi, n'kumataya U ndi W msanga.

Musaderere zimenezi. Mu 2015 Wellington Jighere wa ku Nigeria adatenga chikho cha Scrabble cha dziko lonse lapansi ku Perth, Australia, munthu woyamba wa mu Africa kutero. Chaka chomwecho Nigel Richards wa ku New Zealand adapambana mpikisano wa Scrabble ya Chifalansa asakulankhula Chifalansa, adangoloweza mawu.

Mayi_a_Shakira

Che Mdala, mwayankha bwino za masewera, koma aphunzitsi afunsa za mwana. Nkhani ya Nigel Richards yomwe mwatchulayo ndiye ikutsimikiza nkhawa yawo. Munthu angathe kuloweza buku lonse la mawu, osatha kupempha madzi akumwa m'chilankhulocho.

Ine ndidaphunzitsa ku pulayimale mbali ya ku Namwera mpaka kupuma. Ana athu ambiri amafika kusukulu ndi Chiyao, amaphunzira kuwerenga m'Chichewa, ndipo pofika Sitandade 5 maphunziro amatembenukira m'Chingerezi. Mwana wotere ali kale ndi katundu wolemera. Nthawi yomwe ali nayo madzulo, asanapite kukathandiza kuyanika usipa kapena kotunga madzi, ndi yochepa, ndipo ndimamva chisoni akaithera pa ZA ndi XU, mawu omwe sadzawalemba m'kalata yofunsira ntchito ku loji kunyanja kuno ngakhale tsiku limodzi. Kuunjika njerwa m'milu, zazikulu pazokha zazing'ono pazokha, si kumanga nyumba. Chimangirizo chimafuna mwana wodziwa kuti liwu ili limayenda ndi liti, ndipo zimenezo amazitola powerenga nkhani, ngakhale nyuzipepala yakale yomwe adakulungira zitumbuwa.

Sindikuti muthetse kalabu, aphunzitsi. Ikani lamulo: woika liwu pa bolodi alipangire chiganizo, akalephera mapointi asalembedwe. Kope la mnyamatayo mulilembe mzere pakati, kumanja azilembako tanthauzo.

Yusufu265

Mayi akunena zoona, koma ine mindandanda idandithandiza pa kalembedwe, bola ikhale ya mawu omwe anthu amagwiritsadi ntchito. Ndidayamba ndi Wordle, masewera omwe Josh Wardle adatulutsa mu 2021, New York Times n'kuwagula mu 2022. Umafufuza liwu la zilembo 5 ndipo uli ndi mwayi 6. Chilembo chikakhala pamalo ake chimabiriwira, chikakhala kuti chilimo koma chasokera chimakhala chachikasu. Sizilira bandulo, aphunzitsi, mutha kuchita pa bolodi la m'kalasi ndi choko: kuzunguliza chilembo cholondola, kudula mzere kunsi kwa chosokera.

Ubwino wake, mwana amakakamizika kuyang'ana chilembo chilichonse pamalo pake. Vuto la pray ndi play ndi la tonsefe, poti kwathu kuno L ndi R sasiyanitsa tanthauzo la liwu. Muwapatse mawu awiriawiri a zilembo 5: GLASS ndi GRASS, LIGHT ndi RIGHT, FLESH ndi FRESH, BLUSH ndi BRUSH, CLOWN ndi CROWN. Wina akalemba GRASS pomwe yankho ndi GLASS, zilembo 4 zibiriwira, chimodzi chikana, ndipo chilembo chimenecho sadzachiiwalanso.

Gulu lina lofunika ndi la mawu ounjikana malembo opanda liwu. Mawu athu amathera pa lembo la liwu, ndiye dzanja limafuna kuponyamo I kapena U paliponse. STRENGTH ali ndi zilembo 8 koma lembo la liwu ndi limodzi. RHYTHM mulibe A, E, I, O kapena U.

Mwa njira, auzeni anawo kuti KWACHA ndi TAMBALA ndi ololedwa mu Scrabble. TAMBALA ndi zilembo 7 ndendende, ndiye 50 uja umadya.

Che_Mdala_MonkeyBay

Mayi, lamulo lanulo ndi labwino m'kalasi, koma pa mpikisano palibe amafunsa tanthauzo. Amangoona ngati liwulo lili m'buku. Mwana waluso ngati ameneyu mukamuzoloweza kuopa mawu omwe sangawafotokoze, mwamudula mapiko. Gawani nthawi, gemu ina ya lamulo lanu, ina ya malamulo enieni.

Mphunzitsi_Mpondasi

Zikomo kwambiri nonse. Ndatolapo izi: gemu yoyamba tizisewera ndi lamulo la Mayi a Shakira, yachiwiri mwa mpikisano monga anenera Che Mdala. Za achimwene Yusufu ndizitengera m'kalasi momwe, osati ku kalabu kokha, ndiyamba ndi GLASS Lolemba m'mawa. Mnyamata uja ndimupatsa udindo wolemba mindandanda yatsopano ya kalabu yonse, ya mawu ochokera m'mabuku awo a Fomu 2, yosanjidwa momwe amakondera iyeyo, koma liwu lililonse ndi chiganizo chake.

Chatsala ndi choweruzira. Dikishonale ya pasukulu mulibe ambiri mwa mawu a m'kope lake, ndiye mkangano sukutha akaika QAT. Che Mdala, ngati muli ndi Collins yakale yomwe simukugwiritsa ntchito, kapena seti yokhala ndi tizilembo tonse 100, ndilembereni ku inbox. Nditha kutuma wa minibasi ya ku Monkey Bay kuti adzandisiyire pa depoti.