Ganyu yojambula khoma mwa Rococo, ndithandizeni abale

Wapenti_Rosettenville:
Abale a ku Joni kuno, pali mayi ena ali ndi saluni ku Randburg akufuna ndiwajambulire khoma lonse lamkati. Anditumizira chithunzi pa WhatsApp cha mtsikana wa diresi ya pinki ali pa katungwe m'nkhalango, nsapato imodzi ikuuluka m'mwamba, ati akufuna Rococo. Ine ndinazolowera zikwangwani ndi nkhope za anthu basi. Zinachokera kuti zimenezi, nanga chimapangitsa chithunzi kukhala Rococo ndi chani kwenikweni? Sindikufuna kungokopera osadziwa chomwe ndikuchita.

Nachisale:
Achimwene chithunzi chimenecho ndi cha wojambula wa ku France Fragonard, cha m'ma 1767, chili ku Wallace Collection ku London. Sitayelo ya Rococo inayambira ku France, mfumu Louis XIV itamwalira mu 1715 anthu olemera anatopa ndi moyo wa malamulo wa kunyumba yachifumu ku Versailles nkubwerera m'nyumba zawo ku Paris, ndiye m'zipinda zazing'onozo zithunzi zikuluzikulu za nkhondo ndi za mdima za sitayelo yakale ya Baroque sizinkakwana, ankafuna za chikondi, mapwando m'minda, angelo ang'onoang'ono onenepa, nyimbo. Anatsegula njira ndi wojambula Watteau koma anafa ali ndi zaka 36 zokha mu 1721, kenako Boucher amene ankajambulira Madame de Pompadour, mkazi wachibwenzi wa Louis XV. Koma chiyang'anitsitseni chithunzicho musanavomere, pansi m'tchiremo mwagona mnyamata akusuzumira miyendo ya mtsikanayo, pomwe bambo wachikulire akukoka zingwe kumbuyo mumdima osadziwa kanthu. Mayiwo mwina sanawaone anthu awiriwo.

Mbewe_Yeoville:
Pa ntchito yeniyeniyo mverani izi akulu. Penti yakuda musayigwire nkomwe, mthunzi muzipanga ndi bulawuni wofewa kapena buluu wotuwa. Pinki, buluu, kilimu, zonse muzisungunula ndi yoyera. Mitengo yakutali izioneka ngati ili mu nkhungu ya m'mamawa ku Mulanje, yobiriwira mopita ku buluu, kuwala kuzigwera pa munthu mmodzi pakati. Mzere wowongoka ayi, zonse zizipindika ngati S kapena C, ndipo mbali ziwiri zisafanane ndendende. Nsalu ya diresi ndi imene idzakudyereni nthawi, makwinya ake ndi ambiri zedi, muziika penti yopyapyala kangapo osati kamodzi yokhuthala. M'mphepete jambulani zigoba za nkhono ndi masamba a golide. Ndipo mtengo musatchule ngati wa chikwangwani, ntchitoyi ndi yaikulu.

Nachisale:
Komanso ine chimandiwawa ndi choti kusangalala konseko kunali kwa anthu ochepa, wamba akuvutika ndi misonkho, ndipo shuga amene ankathira mu khofi wawo ankalimidwa ndi akapolo achikuda ku Saint-Domingue komwe pano ndi Haiti. Wolemba mabuku Diderot ankamudzudzula Boucher nthawi yomweyo, ndipo pofika 1789 chisokonezo chachikulu choukira ufumu ku France chikuyamba, sitayelo ya wojambula David ya mizere yowongoka ndi nkhani za ngwazi inali itatenga kale malo. Luso lokhalo ndimalikonda ndithu. Bwanji pa katungwepo pakhale mtsikana wathu wakuda, tsitsi loluka bwino, poti ndi saluni?

Wapenti_Rosettenville:
Zikomo achemwali, zikomo a Mbewe. Ganizo la tsitsi lolukalo landigwira mtima, ndipo amuna awiriwo ndiwachotsa. M'malo mwa mitengo yawoyo ndiika jacaranda, maluwa ake a pepo akugwirizana ndi pinkiyo. Ndijambula kaye papepala ndikawaonetse mayiwo Loweruka.